A Sakala ndi mbendera yoyera ya mfumu ya ku Falansa

Sabata yatha chinakwana chaka chiwaikireni m'manda a Sakala, telala wa pakhonde la golosale ku Nangongwe, munthu yekhayo m'Kafue muno amene anataya ntchito chifukwa cha mfumu ya ku Falansa. Enafe ntchito tinataya chifukwa cha boma, ena chifukwa cha mowa. Iwo anasankha mfumu imene inafa kalekale, ya dziko limene sanapondemo, ndipo mfumuyo sinathokoze n'komwe. Ine ndine Daka, ndimamata matayala a njinga pakhonde lomwelo, ndipo zonse ndinene pano ndinaziona ndi maso anga. Ndikanama, misewu yonse ya m'Kafue ithiridwe phula losalala, ndisowe chomata.

Ankafika pakhondepo m'mawa uliwonse pa nthawi imene lipenga la ku fakitale ya nsalu linkalira. Lipengalo linali litakhala chete zaka zingapo chitsekereni fakitaleyo, koma iwo ankalimvabe. Ankavala jasi la khaki la ku fakitale, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kupukuta makina awo osokera ngati akusambitsa khanda. Ukawafunsa ngati sakudziwa kuti tonse anatidulira ngati nthambi, ankayankha kuti iwo ali pa livi, tchuthi chabe. Ukawafunsa kuti agwira zaka zingati ku fakitale, ankaphatikizamo ndi zaka za pakhonde.

Anachokera ku Katete ali mnyamata, nagwira ntchito mbali yosakaniza utoto ndi kusindikiza zitenje ndi mbendera. Kumeneko ndiko anatengako diso lawo lovuta lija. Msoko wokhota ankauona munthu akadali kutsidya kwa njanji. Ankati mtundu wa lalanje wa pa mbendera yathu ndi mkuwa, si papaya. Tsiku lina anayenda wapansi mpaka ku ofesi ina ya boma kukauza mesenjala kuti nkhwazi ya pa mbendera yawo ikuoneka ngati nkhuku yonyowa. Mesenjalayo anati akauza akuluakulu. Nkhukuyo inakhala pamtengopo mpaka inang'ambika yokha.

Za Falansa zinabwera ndi mzungu wa kumeneko amene anadzamanga makina osindikizira fakitale ili pachimake. Pobwerera kwawo katundu anamulemera, ndiye anawasiyira a Sakala buku lalikulu la mafumu ndi mbendera zawo, la m'Chifalansa lokhalokha. Iwo Chifalansa sankadziwa ngakhale moni. Koma kumsika kunali wometa tsitsi wa ku Zaire, ndipo anapangana kuti kumeta kumodzi, tsamba limodzi. Choncho ankametetsa Loweruka lililonse. Tsitsi linatha buku lisanathe, ndipo masamba otsala anawamvera pometetsa ndevu. Amene akukayika akafunse amene anaona mutu wawo.

Nkhani yake tonse a pakhonde tinaiphunzira mokakamizidwa, ngati mmene umaphunzirira nyimbo ya mnansi woledzera. Anthu a ku Falansa anadula mfumu yawo mutu, natenga mbendera ya mitundu itatu: buluu, yoyera ndi yofiira. Kenako kunadzuka msilikali wina amene anamenyana ndi dziko lonse lapansi mpaka anatopa. Iye atagwa, m'bale wa mfumu yodulidwa ija anabwerera kuchokera kumene anathawira, munthu wonenepa, wotupa miyendo, woyenda pomukankha pa mpando. Anachotsa mitundu itatu ija, nabwezeretsa mbendera yoyera ya makolo ake, imene pamene pali a banja lachifumu inkakhala ndi maduwa a kakombo agolide. Chimene a Sakala ankakonda kwambiri n'chakuti mfumuyi posainira makalata inkawerengera zaka zonse zimene inali kudya kwa eni ngati zaka za ufumu wake. Ankati ameneyo ndiye munthu wodziwa kuti livi si kuchotsedwa ntchito.

Ankakambanso za wina wa m'banja lomwelo, wa pambuyo pake, amene anthu anamupatsa mpando wachifumu m'manja, iye n'kuukana chifukwa anamuuza kuti alamulire pansi pa mbendera ya mitundu itatu. A Sakala akafika pamenepa ankaimitsa makina, maso ali gwa, ngati akunena za amalume awo. Akazi awo, Amake Jesi, amene ankagulitsa masamba kumapeto kwa khondelo, ankangofunsa funso limodzi: munthuyo anali ndi mkazi? Nanga mkaziyo anaphika chiyani tsiku limenelo?

Awiriwa ankakangana tsiku lililonse, koma mwaulemu, ngati anthu amene akudziwa kuti mawa adzafunikanso mphamvu. Chinthu chimodzi chokha anagwirizana. Mwezi womaliza wa fakitale, Amake Jesi anawatuma amuna awo kukagula nsalu ziwiri zoyera za m'gulu lomaliza kuwombedwa, zolimba, zoyera ngati ufa wogayitsa kawiri. Anazipinda m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Zinali nsanda zawo, zodzawakulunga tsiku lopita kumanda, ina ya mwamuna, ina ya mkazi. Ankati kwawo munthu wamkulu amakonzeratu chovala chake chomaliza kuti ana asadzayende m'makomo ndi mbale.

Zaka zimenezo utelala unali kufa. Salaula, zovala zakale za m'mabelo zochokera kunja, inadzaza msika, ndipo ntchito ya telala inangotsala kufupikitsa mathalauza a azungu akufa. Chinthu chimodzi chimene mabelo sanabweretse ndi mayunifomu. Sukulu ina ya sekondale ya ku Estates inkawapatsa a Sakala mayunifomu ake chaka chilichonse, ndipo nshima ya m'nyumba mwawo inkachokera pamenepo. Masamba a Amake Jesi ankangobweretsa mchere.

Ndiye Lolemba lina kunafika Madamu Chileshe, mphunzitsi wa Chifalansa wa pasukulupo, mayi wamagalasi, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto.

"Muli shani, ba Sakala? Nabwera na nchito ing'ono chabe. Nifuna mbendera ya Falansa."

"Ya liti, Madamu?"

"Ya pa Chisanu."

"Sinifunsa tsiku. Nifunsa Falansa ya liti."

Madamu anafotokoza. Ana awo anali kupita ku Lusaka kukachita sewero la mfumu yobwerera kwawo, m'Chifalansa, pamaso pa oweruza ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku Falansa kwenikweniko.

"Mfumu iti? Yonenepa ija, kapena msuweni wake amene anabwera pambuyo?"

"Yonenepa. Na mwana wonenepa tamupeza kale."

"Ndiye mbendera ni yoyera."

"Awe, ba Sakala. Buluu, yoyera, yofiira. Aliyense aziwa."

"Aliyense aziwa zolakwika. Mitundu itatu ija ndiyo inali ya anthu amene anadula m'bale wake mutu. Mufuna alowe m'nyumba ya maliro akuvina na mpeni umene unapha m'bale wake?"

"Manje bantu bakaona nsalu yoyera bazaganiza ati mfumu yagonja. Olo ati tayanika thewera."

"Akaganize. Thewera silikhala na maduwa agolide."

Lachiwiri Madamu anabweranso, ulendo uno osafulumira. Anati ahedi a sukulu anena kuti telala asoke chimene wauzidwa, apo ayi mayunifomu apita kwa telala wina wa ku Shimabala amene safunsa mafunso. Ananena akuyang'ana pansi. Atapita, ine ndinasiya tayala m'beseni.

"Mdala, sokani mitundu itatuyo. Mfumu inafa, siizaona."

"Ine nizaona," anatero.

"Nanga mayunifomu?"

"Daka, zaka zonse zija ku fakitale sininatulutsepo mtundu wabodza. Ananilanda lipenga, ananilanda geti. Ichi chokha nikali nacho."

Anazungulira masitolo onse kufuna nsalu yoyera. Ya m'sitolo inali yopyapyala moti ukanawerengera nyuzipepala kuseri kwake. Mabedishiti a ku salaula anali oyera motopa, oyera kwa anthu ena. Lachitatu, Amake Jesi atakwera minibasi kukapikula masamba ku Shimabala, a Sakala anapita kunyumba, nakoka bokosi pansi pa bedi.

Sindinaonepo munthu akusoka choncho. Ulusi wagolide anausomola pa jekete la oimba bandi limene anapeza m'belo. Duwa lililonse analijambula ndi choko, kuliyeza ndi tepi, kuliyerekeza ndi la m'buku, n'kulisoka ndi manja: nsonga yaitali pakati, masamba awiri opindikira m'mbali, kalamba pansi. Limodzi analisomola katatu chifukwa linapendekera pang'ono, mwa kuchuluka kwa tsitsi la pamutu pawo. Lachinayi masana anaichapa, naiviika m'madzi a chinangwa kuti ilimbe, ndipo poopa kuti chingwe chisiya mzere pakati, anaimanga pa nsungwi yaitali n'kuizika pa nsanamira ya khonde kuti iume ikukupiza.

Apa m'pamene buku lija linawanamiza. Linawauza tanthauzo la nsalu yoyera ku Falansa, koma silinawakumbutse tanthauzo lake ku Nangongwe. Kuno nsalu yoyera pa nsungwi imanena chinthu chimodzi: pafika sing'anga kapena mneneri. Ndipo chaka chimenecho, amuna atadzaza pansi pa mitengo popanda kolowera, panalibe nyumba imene sinkafuna mmodzi.

Lachisanu m'mawa tinapeza mzere. Ena amati unafika pa mlatho wa mtsinje. Limenelo ndi bodza, ine sindikonda kukokomeza. Unathera pa siteji ya maminibasi, ndipo maminibasi awiri anali mumzere momwemo. Kutsogolo kunali mayi atanyamula nkhuku yoyera. A Sakala ankauza aliyense kuti iwo ndi telala, anthu n'kumagwedeza mutu, kunena kuti aneneri enieni amakana choncho. Atasowa chochita, anayamba kuwafotokozera za mfumu yonenepa, ndipo anthu anamvetsera zipewa zili m'manja.

Mumzeremo munali a Mvula, amene anagwira nawo ntchito mbali ya utoto, munthu wa ana asanu ndi awiri. Iwo ankadziwa bwino kuti a Sakala ndi telala, koma anaima ndithu, poti mwina.

"Ndiye mukamba kuti mfumu inabwerera?" anafunsa.

"Inabwerera."

"Zonse zinabwerera monga kale?"

Ndinaona kuti a Sakala akufuna kunama, koma m'kamwa mwawo munalibe malo ake.

"Mpando inaupeza. Dziko sinalipeze."

A Mvula anavala chipewa, napita osatsazika.

Kenako kunabwera anyamata a mpingo wina watsopano umene unkapemphera m'chipinda cha sukulu, ali ndi chimkuzamawu ndi abusa awo, mnyamata wa suti yonyezimira. Abusawo anayang'ana maduwa aja, nsonga zitatu zitatu, nabwerera m'mbuyo.

"Bamudala, tsitsani ichi! Iyi ni foloko ya Satana!"

"Ni duwa, abusa. Kakombo."

"Duwa lili na mano atatu? Tiziwa vamene vichitika mu Kafue. Moto! Moto pa nsalu iyi!"

"Suti mwavalayo ninafupikitsa ndine," anatero a Sakala. "Ziwanda zikanakhala mu singano yanga, sembe zili kale m'khwapa mwanu."

Anyamata awiri anaseka, abusa anawadzudzula pa chimkuzamawu, nkhuku inapulumuka. Phokoso lili pakati, Amake Jesi anatulukira ndi dengu lawo pamutu. Lachinayi sanabwere pakhonde chifukwa anali ku maliro a mnansi, ndiye mbenderayo anali kuiona koyamba. Anatula dengu. Anadutsa pakati pa anyamata opemphera ngati akudutsa m'chimanga, nagwira ngodya ya nsalu, naipekesa pakati pa zala. Nsalu ya ku fakitale yathu munthu ankaidziwa ndi zala, ngakhale atatsinzina.

"Atate a Jesi," anatero, ndi mawu otsika. "Iyi ni yanu, kapena ni yanga?"

"Ni yanga."

"Chabwino. Muzayenda maliseche."

Anasenza dengu, napita kumapeto kwa khonde kukayala masamba awo. Chimkuzamawu chinazima chokha. Anthu atamva kuti ndi nsanda, mzere unasungunuka ngati mafuta pa chiwaya, chifukwa palibe amene amafuna mankhwala kwa munthu amene wayanika imfa yake.

Madamu Chileshe anafika khonde litatsala ndi ife tokha. Anaima pansi pa mbenderayo, navula magalasi, nawavalanso. Anayendetsa chala pa duwa limodzi.

"Ni yabwino maningi, ba Sakala."

"Ni yoona."

"Siningaitenge."

Ana a sukulu anamata mapepala a mitundu itatu pa ndodo ya tsache, napita nawo ku Lusaka. Mayunifomu anapita ku Shimabala, kumene mpaka lero thumba la malaya limasokedwa pafupi ndi khwapa. A Sakala sanadandaule za mayunifomu. Ankadikira chinthu chimodzi. Ankati mlendo wa ku Falansa uja akaona mfumu yonenepa italowa ndi mitundu itatu, aimirira n'kuimitsa sewero, chifukwa munthu sangakhale chete akunamiziridwa makolo ake. Sabata yotsatira Madamu akudutsa, a Sakala anawaitana.

"Mzungu anati chani?"

"Anaimirira."

"Ehe! Ndiye?"

"Anaomba m'manja. Ati bana bakamba bwino Chifalansa."

"Mbendera sanaione?"

"Anaiona. Sanakambe kanthu."

A Sakala anakhala pansi pang'onopang'ono. Ndinayembekeza kuti anena kuti mzunguyo ndi mbuli, kapena kuti si wa ku Falansa weniweni. M'malo mwake anatenga thalauza la mzungu wakufa, nayamba kulifupikitsa.

Kuyambira tsiku limenelo buku lija sindinalionenso pakhonde. Jasi ankavalabe chifukwa analibe lina, koma za livi analeka. Munthu akawafunsa zaka zimene anagwira ku fakitale, ankatchula zenizeni, atachotsera za pakhonde. Nkhani ya mfumu yonenepa, imene kale tinkaithawa ponamizira kukataya madzi, tinayamba kuipempha, iwo n'kumati aiwala. Anakhala choncho zaka zinayi, akufupikitsa mathalauza ndi kuika zigamba, nshima ikuchepa, chifuwa chikukula. Amake Jesi anawonjezera tomato ndi kapenta pa masamba awo, ndipo mkangano wawo wa tsiku ndi tsiku unapitirira, koma za nsalu ija sanaitchulenso ngakhale kamodzi.

Pa maliro a mdalayo panabwera Madamu Chileshe. Anaima kutali, pafupi ndi ine, nandiuza chinthu chimene ndikanakonda akanawauza eni ake. Anati iwo ankadziwa kuyambira Lolemba lija kuti mdalayo akunena zoona, poti zinali m'buku lawo lophunzitsira. Koma anali ndi ana amene anaphunzira mawu awo miyezi itatu, ndi ahedi, ndi oweruza amene amadziwa mbendera imodzi yokha. Nanenso ndinali nditawauza mdalayo kuti asoke bodza.

M'nyumba, azimayi osambitsa thupi atafunsa nsanda, Amake Jesi anakoka bokosi. Munali nsalu ziwiri, ina yosalala, ina yamaduwa. Mkazi wanga anali momwemo, ndiye izi sindikupeka. Akuti anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa yosalala, yawo, naipereka. Wina atafunsa kuti nanga inu mudzapita mu chiyani, anayankha kuti bamboyu wakangana mokwanira pansi pano, asakayambenso kufotokoza za Falansa pa geti la kumwamba, anthu ali pamzere. Iwo adzapita m'mbendera. Akafunsidwa kumeneko adzangoti, funsani amuna anga, ali m'katimo.

Makina anagulidwa ndi munthu wa ku Mazabuka. Pamalo pawo patsala timaenje tinayi mu simenti, pamene miyendo ya makina inadya pansi, ndi banga la mafuta limene mvula yalephera. Pa nsanamira pali msomali umene ankapachikapo jasi, ndi waya umene unagwira nsungwi ija. Mwini golosale wayesa kuikapo anthu awiri, wogulitsa nsapato za salaula ndi wokonza mawotchi, koma onse amasunthira kumbali pang'onopang'ono mpaka timaenje tija titaonekera. Ine m'mawa ndimapezeka ndayang'ana kumeneko pa nthawi ya lipenga, lipenga limene ngakhale ine sindinalimve zaka zonsezi.

Sabata yatha, tsiku lokwana chaka, Amake Jesi anabwera ndi nsalu yamaduwa ija kudzaiombetsa mphepo kuti njenjete zisaidye. Msana wawo suwalola kufikira pamwamba, ndiye ndinaipachika ndine, pa waya womwe uja, pamwamba pa timaenje. Panalibe mzere, panalibe chimkuzamawu. Anthu ankadutsa ndi mapulasitiki awo osacheuka. Ndinabwerera ku beseni langa, koma ndisanagwire tayala ndinamva mawu kumapeto kwa khonde.

"Ba Daka."

"Mayi?"

"Mwaipachika chadodolido. Maduwa ayang'ane kumwamba."

Ndinakwera pa kreti, ndinaitembenuza. Iwo anaiyang'ana ndi diso limodzi, ngati munthu woyeza msoko, nanena kuti mbali ya kumanzere yatsika pang'ono. Inali itatsikadi.